Chonde Osakhudza

Lolemba, 3 Novembala 2003

Lisungwi. Kutentha kuyambira m'mawa. Lero ndabwerera ku ntchito, patatha mwezi chimwalirire amuna anga a Gerishon. Makiyi a nyumba yowerengera ndinawapeza m'thumba la jekete lawo, momwe anawasiyira.

Fumbi pa mashelefu onse. Kangaude wamanga ulusi kuchokera pa mabuku a zaulimi kukafika pa a mbiri yakale, ngati akufuna kuwayanjanitsa. Ndamusiya.

Mkulumadzi akadali moyo. Ndi dzina limene a Gerishon anapatsa kompyuta yaikulu ya pakona, seva yathu, imene imasunga mabuku oposa zikwi ziwiri n'kumawatumiza ku makompyuta ena anayi a owerenga. Intaneti kuno kulibe. Webusaiti yathu imathera m'zipupa zinayi zomwezi, koma kwa ife ndi mtsinje ndithu. Anaiyatsa ndi iwo pa 26 Sepitembala, tsiku lawo lomaliza kubwera kuno. Kufikira lero siinathime. Magetsi akachoka pang'ono, kabokosi ka batire kamagwirira.

Pamwamba pake kapepala ka dzanja lawo: CHONDE OSAKHUDZA. Kena kotere kali pa kabati, kena pa mawaya, kena pa chitini cha shuga kunyumba. Munthu wofatsa chonchija, koma dziko lonse analimata zikwangwani. Ndaseka ndekha, ndalira pang'ono, kenako ndasesa.

Owerenga asanu ndi awiri. Ambiri ndi alangizi a zaumoyo, mayeso awo ali pa 21 mwezi uno ndipo mabuku awo onse ali mwa Mkulumadzi. Mailesi, mnzanga namwino uja, wabweretsa mango oyamba. Akuti, "Idya iwe. Wamasiye woonda amanyozetsa anzake."

Ndadya atatu.

Lachitatu, 5 Novembala

Abale a malemu abwera kudzagawa katundu. Ndimaopa zimene zimachitikira anzanga, koma ayi. Anthu aulemu. Nyumba ndi ziwiya osazikhudza n'komwe. Zovala, nsapato, wailesi, njinga, chilichonse chapeza mwini popanda mawu okweza. Jekete andisiyira.

Alamu anga a Stefano, akulu awo a malemu, a ku Magaleta, anadikira mpaka kumapeto. Kenako akuti, "Alamu, mng'ono wangayu moyo wake unali mu makina aja. Kodi mulibe kanthu kake m'menemo koti nane ndikasunge?"

Ndinapita nawo ku nyumba yowerengera. Pa sikirini pali foda yolembedwa dzina la a Gerishon. Kunena zoona, dzinalo limandibaya m'mawa uliwonse ndikaliona. Pa mwambo wathu, katundu akagawidwa amachoka m'nyumba, satsala kwinaku atagawidwa. Ndiye ndinatenga disiketi yatsopano, osakopera, koma kusamutsa foda yonse. Pa sikirini mbee. A Stefano anaikulunga mu mpango woyera ngati dzira, n'kuika m'thumba la pamtima.

Mtima wapepuka. Madzulo ndawerenga masamba makumi atatu a buku lina la ku Russia lokhala ndi anthu a mayina atatuatatu. Koyamba kuwerenga chichitikire maliro.

Lolemba, 10 Novembala

Ndalakwitsa. Ndalakwitsa kwambiri.

Kwafika CD ya mabuku atsopano a zaumoyo kuchokera kwa Triza, mnzawo wa a Gerishon wa ku koleji, amene amagwira za makompyuta ku Blantyre. Ndinatsegula kope la malemu kuona mmene amawonjezera mabuku. Analemba kuti poyamba utsegule fayilo ya malamulo a seva, dzina lake httpd.conf, losatchulika ngati a ku Russia aja. Ndalemba dzinalo. Makina akuti kulibe. Ndalembanso mosamala, chilembo chimodzichimodzi. Kulibe.

M'munsi mwa tsambalo, timalemba ting'onoting'ono: "Imakhala mu foda yanga."

Foda yomwe ija ndinapatsa a Stefano.

Ndathamangira kwa Mailesi kukabwereka foni ya m'manja. Imagwira pa chulu cha kuseri kwa msika pokha, ndiye ndinakwera ndi chitenje changa chakuda, amayi ogulitsa tomato akundiyang'ana. Triza anayamba waseka, kenako anasiya. Mawu ake ndawasunga: "Achemwali, makinawo anawerenga fayiloyo tsiku limene anayatsidwa, panopa akungoyendera zimene akukumbukira. Akathima, aiwala. Podzuka adzaifuna, osaipeza, mabuku onse mdima. Chonde asathime."

Ndinafunsa ngati angabwere kudzalemba ina. Sangathe. Ndi wotopa, masiku ake ali pafupi, msewu wathuwu sangauyese mpaka chaka chamawa. Komanso akuti a Gerishon anayala mabukuwo m'njira yawoyawo, malo makumi angapo, moti kulemba fayilo yatsopano pa foni kungatenge mpaka mwana atayamba kukwawa.

Ndiye zili chonchi. Ntchito ya zaka zitatu ya amuna anga yatsamira pa waya umodzi wa magetsi, mvula ili pafupi, mayeso atsala masiku khumi ndi limodzi. Ndipo wochita zimenezi ndine, ndi dzanja langali.

Chiyembekezo chilipo: disiketi ili ku Magaleta.

Lachiwiri, 11 Novembala

Ndauza a Lameck, amene amatchaja mabatire pamsika. Anabwera ndi zida zawo m'chikwama cha sukulu, n'kugwada pa kabokosi ka batire nthawi yaitali ngati akupemphera. Akuti kameneka kamagwira mphindi makumi awiri basi, koma angathe kulumikizapo batire ya galimoto. Alumikiza imodzi. Ndinati tikambirane za malipiro, akuti, "Malemu anandiphunzitsa kulemba dzina langa pa makinawa. Khalani chete, mayi."

Kumadzulo mitambo yakuda cha ku mapiri. Chaka chilichonse ndimaipempherera. Chaka chino ndikuiyang'ana ngati mdani. Mulungu andikhululukire, anthu akufuna kubzala.

Lachinayi, 13 Novembala

Ku Magaleta ndi kubwerako. Makiyi ndinasiyira a Lameck. Matola, kenako njinga ya hayala, kenako wapansi. Fumbi lofiira mpaka m'makutu. Kumtunda kuja kamphepo kabwino, ndinali nditaiwala kuti kuzizira kuliko.

Andilandira ngati mlendo wa kutali. Nkhuku inafa chifukwa cha ine. Sindikanayamba ndi nkhani ya disiketi, ndiye tinayamba ndi matenda, mbewu, za boma lathu latsopano la Neno ndi msewu umene akuti udzabwera nalo. Patapita maola awiri ndinafunsa.

A Stefano anasangalala. Akuti, "Alamu, ndaisunga bwino zedi, bwerani muone."

Pabalaza pali chithunzi cha a Gerishon cha tsiku lomaliza koleji. Pansi pake, disiketi. Yokhomedwa ku chipupa ndi msomali wa mainchesi anayi. Osati pakabowo ka pakona ayi, koma m'thupi mwake mwenimweni, kuti isagwe. Mlamu wanga wamkazi anazunguliza timaluwa ta pulasitiki.

Ndinayang'ana msomaliwo. Kenako chiseko chinandigwira, choti sindinasekepo chichokere mwezi wa Sepitembala, mpaka misozi. Iwo anaganiza kuti ndikulira, nawonso anayamba kulira. Tinalira tonse atatu bwinobwino.

Nditawafotokozera, a Stefano anagwira pakamwa. Anafuna kuzula msomali nthawi yomweyo. Ndinawaletsa. Chawonongeka chawonongeka, ndipo pamene ili paja ili pabwino kuposa paliponse pamene ndikanaiika ine. Akuti, "Ine ndimangofuna kanthu kamene dzanja lake linagwira."

Sindinawauze kuti disiketiyo dzanja lake silinaigwirepo.

Pobwerera andipatsa mbatata za kachewere ndi nkhunda ziwiri. Mkulumadzi ndamupeza akuphethira. A Lameck akugona pampando, buku la zoweta njuchi lili pamimba.

Lachisanu, 14 Novembala

Mvula yoyamba. Inayamba cha m'ma 1 koloko masana, ndi mphenzi yoti galu wa kwa abusa analowa pansi pa shelefu ya madikishonale. Magetsi thii. Kabokosi kanayamba kulira ngati mwanapiye.

A Lameck anafika atanyowa chenicheni. Batire yawo akuti ipirira ola limodzi ndi theka. Alangizi a zaumoyo anayi amene amawerenga anazimitsa makompyuta awo, n'kubalalika mumvula kukasaka mabatire. Sindinawatume.

Yoyamba inachokera ku tchalitchi, ya zokuzira mawu. Yachiwiri kwa mkulu woonetsa mavidiyo. Kenako ya aphunzitsi aakulu, amene anaiperekeza okha ndi ambulera ngati mkwatibwi. Lamulo la a Lameck: "Yatsopano ilowe yakale isanatuluke. Ndi mitala imeneyi, mayi, musayang'ane."

Cha m'ma 4 koloko zonse zinali zitafooka. Ndipamene anatulukira a Dyson ndi a Fackson, atsogoleri a zipani ziwiri pamsika pano, amene sapatsana moni chiyambire nkhani za chisankho cha chaka chamawa. Aliyense atasenza batire ya chimkuzamawu cha misonkhano. Anakumana pakhomo. Palibe anafuna kupatsa mnzake njira, ndiye analowa cham'mbali onse awiri. A Lameck anazilumikiza ndi waya umodzi. Mailesi akuti, "Onani mgwirizano uwo, a pa wailesi akanabwera kudzajambula." A Fackson akuti batire yawo ndi imene ikukoka, ya a Dyson ikungodya nawo. A Dyson akuti ndi mmene zakhalira zaka zonsezi, kungoti mosinthanitsa.

Magetsi anabwera 5 koloko itadutsa. Anthu anawomba m'manja, wina mpaka nthungululu. Kagetsi kobiriwira ka Mkulumadzi sikanaphonye ngakhale kamodzi.

Ndinawaphikira tiyi onse. Shuga ndinachita kukatenga kunyumba. Kunja fungo la dothi lonyowa. A Gerishon, mukanaona anthu anu lero.

Koma sitingachite chonchi dzinja lonse. Mabatirewa ali ndi eni ake.

Loweruka, 15 Novembala

Pa chulu kachiwiri, lero poterera. Ndauza Triza za msomali. Anaseka mpaka ndinaopa kuti achira pomwepo.

Kenako anandipatsa njira ina, ndipo anaifotokoza mwa chilankhulo changa. Akuti kufufuta pa kompyuta kuli ngati kuchotsa khadi mu kabati ya katalogi. Buku limakhala likadali pa shelefu, kungoti palibe akudziwa pamene lili, mpaka wina adzaikepo lina pamalopo. Ndiye fayilo ija mwina ikadali m'mimba mwa makina, koma tsiku lililonse makina amalemba zinthu zawo, ndipo tsiku lina adzalemba pamwamba pake.

Pali lamulo lowauza kuti ayende shelefu yonse, tsamba ndi tsamba, kusaka liwu limodzi, n'kulemba zimene apeza pa disiketi ina. Anandiyitanira chilembo chimodzichimodzi, ine ndikulemba kuseri kwa envelopu ya chipepeso. "G wa galu, R wa Rabeka." Netiweki inathawa katatu. Mayunitsi a Mailesi atheratu, ndiyenera kumugulira khadi.

Chovuta n'chakuti liwulo ndisankhe ndine. Likhale liwu lopezeka mu fayiloyo, losapezeka kwina. Ine fayiloyo sindinaionepo ndi maso.

Ndayesa "Mkulumadzi". Makina anayenda pafupifupi ola, n'kudzaza disiketi ndi mizere zikwizikwi yopanda mutu. Dzina lake amalilemba paliponse, ngati mwana wa Sitandade 2.

Ndayesa "Gerishon". Kunatuluka makalata awo opita ku bungwe lotithandiza, ndandanda ya mabuku, ndi kalata ina yoyamba ndi "Wokondedwa aNangozo". Ya chaka chatha, pamene ndinali kwathu kudwazika mayi. Ndinawerenga mizere iwiri. Ndatseka, ndapita kunyumba.

Lamlungu, 16 Novembala

Kutchalitchi zokuzira mawu zimangodukaduka, batire siinadzale. Abusa akuti lero Mawu amveka ndi mphamvu yawo yokha, popeza ina inapita ku mabuku. Anthu anatembenukira kwa ine akumwetulira.

Ulaliki sindinaumve. Ndimangosaka liwu. Mabuku onse amene ndawerenga moyo wanga, mawu ankhaninkhani, koma limodzi lokha la mwamuna amene ndagona naye nyumba imodzi zaka zisanu ndi zinayi, osalipeza.

Nkhunda imodzi yathawa. Ina ikudya bwino.

Lolemba, 17 Novembala

Linali pa chitini cha shuga nthawi yonseyi.

M'mawa ndikupanga tiyi, dzanja pa chivundikiro, maso pa kapepala. Munthu amene anamata chenjezo pa shuga, akanasiya fayilo yofunika kuposa zonse yopanda chenjezo? Tiyi ndinamusiya pomwepo. Ndinafika ku ntchito ndi patapata.

Ndalemba lamulo lija, liwu lake "OSAKHUDZA". Mphindi makumi anayi ndi zisanu. Ndasesa kawiri. Ndakonza mabuku a ndakatulo amene anali kale bwino.

Yatuluka. Osati kamodzi, katatu: ziwiri zakale, imodzi ya pa 26 Sepitembala. Pamwamba ndi pansi zinyalala za zilembo, koma pakati fayilo yonse, mizere mazana atatu ndi kanthu. Yambiri ndi Chingerezi cha makina. Koma apa ndi apo pali mizere yoyamba ndi kachizindikiro konga kampanda, imene Triza akuti makina saiwerenga, ndi ya anthu. Imeneyo analemba m'Chichewa. Ndikukopera muno momwe ilili.

Woyamba: "CHONDE OSAKHUDZA. G."

Pakati: "Mzere uwu ndi chitseko. Mukausintha palibe alowe."

Patsogolo pang'ono: "Apa ndinalakwitsa katatu. Musaseke."

Kenako, cha kumapeto: "aNangozo, ngati mukuwerenga pano ndiye kuti mwakhudza. Ndimadziwa kuti mudzakhudza."

Ndinayang'ana kumbuyo kwanga, zoona. Munali mlangizi mmodzi yekha, akuwerenga za katemera.

Pansi pake: "Mabuku atsopano lembani m'munsimu, mofanana ndi mmene ndalembera pamwambapa. Simufunika ine pa zimenezi. Apa pokha khudzani."

Sanadziwe kuti akupita. Malungo amene anawatenga aja anali asanayambe. Ankangonena za masiku amene amapita ku Blantyre kukagula zida. Ndikudziwa zimenezo. Komabe.

Mizere iwiri yomalizira yadyeka, makina anali atayamba kale kulemba pamenepo. Tikanachedwa sabata ina kaya. Ndaitenga mu imodzi mwa zakale zija, ndawerengera Triza pa chulu, akuti ili bwino. Ndabwezera fayilo pamalo pake. Ndakopera, kukopera osati kusamutsa, pa madisiketi atatu. Imodzi mu kabati, imodzi kunyumba, imodzi kwa Mailesi.

Chatsala chimodzi. Triza akuti sitingadziwe ngati yachira mpaka makina atathima n'kudzuka okha. Akuti, "Muwazimitse ndinu, achemwali, masana, muli maso. Musadikire mphenzi."

Ndati mawa.

Lachiwiri, 18 Novembala

Ndafika 6 koloko, anthu asanabwere. Masiku makumi asanu ndi mphambu zitatu chiyatsire iwo. Ndawerenga pa kalendala kawiri. Sabata yonseyi ndimati ndikutetezera mabuku a alangizi, ndipo n'zoona. Koma chinanso n'chakuti chinthu chomaliza chimene anayambitsa ndi dzanja lawo chinali chikuyendabe, ndipo ine sindinafune chiime.

Ndinakhala pampando wawo kanthawi. Ndinavala jekete lija, kutentha konseku.

Kenako ndazimitsa. Chete woti sindinamumvepo m'chipinda chino. Mpaka ndinamva mbuzi za kumsika.

Ndawerenga mpaka khumi, monga ankachitira. Ndayatsa. Zilembo zoyera zikuthamanga, mzere ndi mzere, uliwonse ndi kaliwu kobiriwira kumapeto. Pa mzere wa httpd anaima pang'ono. Kobiriwira.

Ndathamangira pa kompyuta ya pawindo. Tsamba loyamba lilipo: Takulandirani ku Mkulumadzi. Mabuku a zaumoyo alipo, a zaulimi alipo, a njuchi a a Lameck alipo.

Ndayika CD ya Triza. Ndatsegula fayilo, ndapita pansi pa mzere wawo uja, ndalemba mizere inayi mofanana ndi yawo. Koyamba ndinalakwitsa, makina anakana. Sindinaseke, a Gerishon, inunso musaseke. Kachiwiri zatheka. Mabuku atsopano makumi asanu ndi limodzi, kutatsala masiku atatu mayeso.

Ndasindikiza fayilo yonse pa pepala, masamba asanu ndi awiri. Loweruka ndipititsa ku Magaleta. Amenewa ndiwo mawu a mng'ono wawo enieni, ndipo pepala msomali suliwononga.

Pansi pa mizere yanga ndayika kampanda kanga. Ndakhala ndikuganiza choti ndilembepo. Ndinayamba ndi "Ndakhudza", kenako

Akugogoda. Alangizi afika kale, ndipo ndikumva mawu a a Dyson akufunsa ngati batire yawo idzatchulidwe mu lipoti. Ndikatsegule.